Kalata kwa Nduna ya Zamtengatenga: Musaiwale siteshoni ya Nsanje

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mwana wa kuchigwa cha Shire, ndipo ndalemba chifukwa cha malo amodzi amene ana a masiku ano amangowadutsa osadziwa kuti dziko lonse linkalowera pamenepo. Ndikunena siteshoni ya sitima ya pa boma la Nsanje.

Kale pamenepa pankatchedwa Port Herald. Wochokera kunyanja ya mchere ankakwera sitima ya pamadzi ku Chinde, kukwera Zambezi, kulowa Shire. Atsamunda poyamba ankafuna kuti njanji iyambire pa Chiromo, koma Shire anaphwa moti sitima za pamadzi zinkatitimira mumchenga zisanafike. Nchifukwa chake anaitsitsa njanjiyo mpaka kwathu, ndipo mu 1908 sitima ya Shire Highlands Railway inalumikiza Port Herald ndi Blantyre. Mtsinje utapitiriza kuvuta, anaikokeranso kumunsi mpaka pa Chindio, m'mbali mwa Zambezi, pomwe anthu ndi katundu ankawoloka pamadzi kukakumana ndi njanji ya ku Beira ya mu 1922. Mlatho wa Dona Ana wowoloka Zambezi utatsegulidwa mu 1935, munthu ankatha kuchoka ku Limbe mpaka ku Beira osanyowa phazi, ndipo ulendo wonsewo unkadutsa pakhomo pathu.

Agogo anga aamuna anakwerera pamenepa kupita ku Halale kukasaka ntchito. Ankati tsiku la sitima mudzi sunkagwira khasu. Amayi ankafika m'mawa ndi malichero a mbatata yophika ndi milamba yowamba, kugulitsira anthu pawindo la bogi, ndalama kuponyerana sitima itayamba kale kusuntha. Ena ankabwera opanda malonda, kungoyang'ana nkhope za otsika, poti mwina mwamuna amene anachona wabwera lero. Agogo akazi anachita zimenezi zaka zingapo, ndipo pofotokoza sankaseka ayi. Mabelo a thonje la m'chigwa ankakwezedwanso pomwepa.

Nkhondo ya ku Mozambique inadula njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'malo mwa apaulendo tinalandira othawa nkhondo. Tinatsala ndi sitima ya ku Limbe. Iyonso inatisiya mu 1997, madzi osefukira atakokolola njanji ndi msewu pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Makhanga. Kuyambira pamenepo wofuna kutsidya amakwera bwato, mtima uli m'mwamba, ndipo wa ku Blantyre amazungulira ku Chikwawa pa minibasi imene mtengo wake mlimi wa thumba limodzi la mapira saukwanitsa. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ndi kholo, koma sanaguleko tikiti ya sitima kwawo.

Tinasangalala ntchito yokonza njanji ya Marka mpaka Bangula itayamba. Koma zimene timamva kwambiri, bwana, ndi za mafuta, feteleza ndi katundu wa makampani. Zimenezo n'zofunika, sindikukana. Nkhawa yanga ndi yakuti sitima idzangodutsa usiku, ife n'kumamva kulira kwake tili pamphasa.

Choncho ndikupempha kuti m'mapulani anu muikemo bogi za anthu, ndipo Nsanje ikhalenso malo okwerera ndi kutsikira. Ndikupemphanso kuti chilichonse chakale chimene chatsala pasiteshonipo, kaya khoma, kaya chitsulo cholembedwa chaka, chisaphwasulidwe kapena kugulitsidwa kwa ogula zitsulo musanaitane a zosunga mbiri ya dziko kudzachiona. Nkhalamba zimene zinagwira ntchito ku Nyasaland Railways ndi Malawi Railways zilipo zochepa m'midzi ya Tengani ndi Malemia. Tumizani achinyamata akazijambule mawu chaka chino, zikadali ndi mphamvu zofotokoza, ndipo zimene zidzanene zikasungidwe m'chipinda chimodzi pasiteshoni pomwepo kuti ana asukulu azikamva.

Mukadzabwera kudzayendera njanjiyi, mudzaime pa Nsanje. Tidzakuonetsani pamene agogo ankadikirira.

Ine wanu,
Mwana wa ku Nsanje