Mwana wathu akaitanidwa kukamva za Papa

Munthu wochokera ku Mangochi akadutsa pa Golomoti n'kuyamba kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, amasiya kutentha kwa kunyanja m'munsi n'kulowa m'dera limene mpingo wa Katolika unazika mizu kalekale. Pamwamba pa mapiriwo pali Bembeke, pomwe pali tchalitchi chachikulu cha Dayosizi ya Dedza ndi koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's. Dayosizi imeneyi ndi imene inkatsogoleredwa ndi Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Katolika. Ana athu a kunyanja amakaphunzira m'malo onga amenewa, ndipo kumeneko nkhani ya Papa siingalephere kukambidwa, makamaka chimwalirireni Papa Francis pa 21 April 2025 ndi chisankhidwireni Leo XIV pa 8 May chaka chomwecho.

Tsono tinene kuti mtsikana wathu waimba foni. Akuti kukubwera mlendo wodzakamba mu holo za udindo wa Papa ndi cholinga cha moyo wa munthu, ndipo aliyense ndi wololedwa kulowa. Apite? Ambiri a ife makolo tingayankhe tisanapume n'komwe kuti asayerekeze. Ife pano tikuti apite.

Mantha amenewa tinawalandira kwa agogo athu, amene ankakaniza ana sukulu za mishoni poopa kuti akabatizidwa. Sitikuwaweruza, chifukwa chimene ankaopacho chinkachitikadi. Koma mtengo wake tinaulipira kwa zaka zambiri: aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki a boma m'midzi mwathu ankachokera kwina.

Pa 12 September 2006, Papa Benedict XVI anakamba pa yunivesite ya Regensburg ku Germany, ndipo anabwereza mawu a mfumu ina yakale ya Byzantium onyoza Mtumiki Muhammad (SAW). Asilamu padziko lonse tinapwetekedwa mtima. M'maiko ena munali zipolowe, ndipo zipolowezo sizinawongole kanthu. Kenaka kunatuluka kalata ya akuluakulu a maphunziro a Chisilamu okwana 38, amene anawerenga zonse zimene Papayo ananena n'kuziyankha mfundo ndi mfundo. Mu October 2007 anachuluka kufika 138 nalembera atsogoleri a Chikhristu kalata ina yowaitanira kukambirana. Mu February 2019 Papa Francis ndi Sheikh Ahmed al-Tayeb wa ku Al-Azhar anasainirana ku Abu Dhabi chikalata cha ubale wa anthu onse. Amene anateteza ulemu wa Mtumiki (SAW) ndi amene anayamba amvetsera kaye.

Mu holomo mwana wathu akamva kuti Akatolika amakhulupirira kuti Papa ndi mlowam'malo wa Petulo, ndiponso kuti kuyambira mu 1870 mpingowo umaphunzitsa kuti Papa salakwa pamene akulengeza mwa udindo wake chiphunzitso cha chikhulupiriro ndi makhalidwe. Ife sitivomereza zimenezi. Pakati pa kapolo ndi Allah palibe mkhalapakati, ndipo Issa (AS) ndi Mneneri wolemekezeka, osati mwana wa Mulungu. Kudziwa chimene mnansi amakhulupirira sikuchepetsa Imaan. Akhristu a ku Najran anafika ku Madina, ndipo Mtumiki (SAW) anawalandira mu mzikiti, nakambirana nawo poyera za Issa (AS).

Nkhawa yathu yeniyeni ili pa gawo lachiwiri la mutuwo. Wokambayo akafunsa kuti munthu analengedweranji, akafotokoza m'chilankhulo chimene mwana wathu akumva bwino, mwa dongosolo, ndi zitsanzo zogwira mtima. Nanga mwana wathu akayankha chiyani mumtima mwake? Ambiri mwa ana athu anamaliza madrasa akuloweza masura mokoma, koma sanauzidwepo kuti Surah Adh-Dhariyat, ndime 56, ikuyankha funso lomwelo, kapena kuti Ibaadah imene ikunenedwa pamenepo imafika mpaka pa kulima, kuphunzitsa ana ndi kusamala wodwala. Mwana wotere angagwedezeke ngakhale asanalowe mu holo iliyonse; kanema wa pafoni ndi wokwanira. Mlandu umenewu ndi wathu, makolo ndi masheikh, osati wa wansembe.

Malire alipo. Kumvetsera nkhani n'kosiyana ndi kuchita nawo Misa. Pakayamba pemphero, akhale chete mwaulemu, asabwereze mawu otsutsana ndi Tauhid. Nthawi ya Swala ikakwana atuluke, ndipo hijabu yake asavule pofuna kufanana ndi anzake. Nthawi ya mafunso ikafika, aimike mkono.

Tchuthi chikubwerachi, tisanamugulire juzi yolimbana ndi chisanu cha ku Dedza, tikhale naye pamkeka pamodzi ndi Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa kapena m'Chiyao, timufunse funso la wokamba uja, timve mmene ayankhire.