Namwino Asaleke Kuphunzira

Mayi wa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, amene chiyambire utsikana wake amachapa ndi kusamba pagombe, akafika kuchipatala nanena motsitsa mawu, maso ali pansi, kuti akumva ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna wake ndiponso akutaya magazi, kawirikawiri amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, nabwerera kwawo atasenza manyazi ndi mkangano wa m'banja, chikhalirecho chomuzunza ndi likodzo, limene mazira ake amakhazikika m'njira ya chiberekero, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel.

Namwino sindikumuimba mlandu, pakuti adzazindikira bwanji chimene sanaphunzitsidwe? Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo nzeru zachipatala zimaphukabe. Katemera wa HPV, woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019, anamwino ambiri atatsiriza kale sukulu. Mabungwe oyang'anira madokotala, anamwino ndi azamba amafunadi kuti maphunziro apitirire. Koma ndichonderera kuti asathere m'mahotela a m'mizinda, afike kwa mzamba wa chipatala chaching'ono cha kumudzi, amene amachezera yekha usiku wonse ndi amayi oyembekezera.