ZA PAGALAJA: Galimoto yakale ikakana kudzuka m'mawa wachisanu

Mwezi wa June ukafika, nkhungu imagona m'zigwa za ku Lifidzi ndi ku Domwe mpaka dzuwa litakwera. Nyengo yomweyi ndi imene alimi amafuna galimoto kwambiri, popeza chimanga, nyemba ndi kachewere zimakhala zikudikira ulendo wakumsika wa ku Ulongwe, ku Calomue kapena ku Lizulu. Ndiye zimamvetsa chisoni kuona anyamata asanu akukankha galimoto yodzaza matumba, thukuta lili kamukamu, injini ikungotsokomola osadzuka. Kachewere angathe kudikira mawa, koma mayi woyembekezera amene matenda amuyamba usiku sangadikire.

Galimoto zapetulo zakalekale zatsala zochepa, koma zilipo: Land Rover Series III imene inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, Peugeot 404, Datsun 1200 ndi mng'ono wake Nissan 1400 amene ankapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Nkhondo itatha pa 4 October 1992, anthu akubwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, galimoto zamtunduwu zinasenza malata, mbewu ndi anthu m'misewu yokumbika. Ubwino wake ngwakuti munthu wokhala ndi sipanala ndi sikuludiraiva amatha kuzikonza pansi pa mtengo.

Galimoto yotere ikakana kulira, eni ake ambiri amathamangira kumasula kabuleta, kapena kunyoza mnyamata amene anawagulitsa petulo wam'chigubu. Nthawi zina petuloyo amakhaladi ndi madzi. Koma kawirikawiri m'nyengo yachinyezi vuto limakhala la moto, ndipo kabuleta amamasulidwa wopanda mlandu.

Moto umayenda chonchi. Batire ili ndi mavoti 12 okha, amene sangalumphe kampata kakumapeto kwa pulagi. Koyilo ndiyo imakweza mphamvuyo kufika cha m'ma 20,000, ndipo imatero nthawi iliyonse mapointi akatseguka m'kati mwa disitibyuta. Kenaka rota imazungulira n'kumagawira motowo ku waya wa pulagi iliyonse panthawi yake. Njirayi anaiyambitsa ndi Charles Kettering wa ku America, ndipo inaikidwa m'galimoto za Cadillac mu 1910. Magetsi amphamvu chotere ali ngati madzi amumfuleni: akapeza pobooka amathawira pomwepo. Waya wokalamba, wouma ndi wong'aluka, akanyowa ndi mame amataya moto wake pachitsulo cha injini, pulagi n'kutsala ndi njala.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Usiku kuli mdima, mwini galimoto atsegule boneti injini ikulira, manja ali kutali ndi fani. Akaona timoto tabuluu tikuthetheka m'mbali mwa mawaya, kapena akamva kaphokoso ka "tche tche tche", mawayawo atha. Kuwakulunga ndi tepi kapena ndi mphira wa chubu cha njinga kungamufikitse munthu kunyumba tsiku limenelo, basi.

Posintha mawaya m'pamene anthu ambiri amadziputira mavuto. Munthu amazula onse anayi nthawi imodzi, n'kuiwala kuti uyu anali pati. Injini imayamba kuwomba ngati mfuti kapena kungokhala chete, ndipo tsiku lonse limathera pomwepo. Makaniko wodziwa ntchito amachotsa waya mmodzi, n'kuyerekeza kutalika kwake ndi watsopano, n'kumulowetsa mpaka atagwira bwino mbali zonse ziwiri, kenaka n'kupita pa wina. Pozula amagwira kachipewa kamphira kapapulagi ndi kukapotoza pang'ono, sakoka wayayo. Ngati mawaya asokonezeka kale, ndondomeko ya injini zamasilinda anayi za Land Rover, Peugeot ndi Datsun ndi 1-3-4-2, kutsata mbali imene rota ikuzungulira. Volkswagen yachikumbu ija ili ndi yakeyake, 1-4-3-2. Chinanso chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pa Land Rover ndi Datsun silinda yoyamba ndi yakufupi ndi fani, pamene Afalansa a Peugeot amayamba kuwerenga kuchokera kumbuyo, mbali ya giyabokosi.

Waya watsopano sathandiza ngati chivundikiro cha disitibyuta n'chong'aluka. Achichotse, achipukute m'kati ndi kansalu kouma, n'kuchiyang'ana padzuwa. Timizere takuda tonga tolembedwa ndi pensulo ndi njira zimene moto unadzipangira pothawa, ndipo chivundikiro chotere n'chofunika kusintha. Ayang'anenso kakhala kapakati kamene kamakhudza rota, ngati sikanathe kapena kugwa. M'mawa wankhungu kungopukuta chinyezi m'menemu kumadzutsa galimoto imene anthu akhala akuikankha kwa ola lathunthu.

Mapointi amatha pang'onopang'ono. Kachidendene kake kamaperepeseka, mpata n'kumachepa, ndipo galimoto imayamba ulesi pamtunda ndi kumwa petulo wambiri. Pa Land Rover mpatawo uyenera kukhala mamilimita 0.35 mpaka 0.40 mapointi atatseguka kotheratu, pa Datsun ndi 0.45 mpaka 0.55. Ena amayeza ndi chitsulo cha sowo yodulira zitsulo, koma chimenecho n'chokhuthala kwambiri pa ntchitoyi. Tizitsulo toyezera mpata sitidula kuposa malita angapo a petulo amene amawonongeka pa sabata. Kadontho ka girizi pa kamu kamatalikitsa moyo wa mapointi, koma girizi akachuluka n'kufika pamaso pa mapointiwo moto umazima. Akasintha mapointi, taimingi iyenera kuonedwanso.

Mapointi akamapsa msangamsanga, wolakwa amakhala kondensa kapena koyilo. Makoyilo alipo amitundu iwiri: ina imalandira mavoti 12 onse, ina inapangidwa kuti izigwira ntchito ndi kachipangizo kochepetsa magetsi kotchedwa balasiti. Kumanga koyilo yabalasiti popanda balasitiyo kumaitenthetsa ndi kuwotcha mapointi. Chimodzimodzi kusiya kiyi ali wotsegula injini itazima, monga amachitira madalaivala ena pofuna kumvera mpira pawailesi podikira okwera. Kondensa wakale amene akugwirabe ntchito asatayidwe, chifukwa atsopano ena otsika mtengo amafa asanathe ndi mwezi womwe.

Mapulagi nawo amanena zimene zikuchitika m'kati mwa injini. Pulagi yofiirira ngati njerwa youma ndi yabwino. Yakuda ndi mwaye ikusonyeza kuti petulo akuchuluka kapena moto ngwofooka, yonyowa ndi oyilo ikusonyeza kuti maring'i atopa, ndipo pamenepo waya watsopano sangachize kanthu. Mpata wa pulagi ya Land Rover ndi mamilimita 0.75 mpaka 0.80. Pomanga ayambe ndi zala, sipanala ibwere pomalizira, chifukwa mazinga akawonongeka ntchito imakula kufika pomasula mutu wa injini.

Kumalire kuno chinthu chimodzi chili ndi maina awiri. Chimene ku Dedza amati pulagi, m'sitolo za ku Ulongwe ndi ku Tete amati vela. Koyilo ndi bobina, mapointi ndi platinados, kondensa ndi condensador. Wotumidwa kukagula anyamule chakalecho m'thumba kuti akayerekeze, chifukwa Land Rover yomweyo inatuluka ndi madisitibyuta a Lucas amitundu iwiri, 25D ndi 45D, ndipo mapointi, rota ndi zivundikiro zake sizilowana. Amene apeza zoyenera agule ziwiriziwiri, zina azisunge m'kachitini kouma pansi pa mpando pamodzi ndi waya mmodzi wamtali mwa akale aja amene anali asanang'aluke.