Cikalata ca kukhoti sicidyedwa

Abale anga a ku Malowera, Chiputo ndi Chipera, pa wailesi mumandifunsa kawirikawiri kuti: "Ndikapita kukhoti kukalembetsa ana a malemu mng'ono wanga, boma lindithandiza?" Ndimayankha mwamanyazi. Cikalata mudzalandira, koma ndalama sizibwera naco.

Lamulo la mabanja, Lei da Família, la 2004 lomwe linakonzedwanso mu 2019, lili ndi njira zitatu zolelera mwana amene sunabale: tutela, família de acolhimento ndi adopção. Zonse zimadutsa kwa woweruza. Ndiye mayi amagulitsa nkhuku zake, akwera galimoto mpaka ku Fingoè, asakasaka sedula za ana ndi kalata ya imfa ya makolo awo. Pobwerera ali ndi udindo wolembedwa: kudyetsa, kuveka, kuphunzitsa, kuyankha mlandu mwana akavutika. Boma lamusenzetsa mtolo popanda nkhata.

Mudzati pali INAS. Ilipo. Koma Subsídio Social Básico imayang'ana makamaka nkhalamba, olumala ndi odwala matenda osatha. Ndi mametikali 540 pa mwezi kwa munthu mmodzi, kufika 1000 pa banja la anthu asanu, ndipo nayonso imacedwa miyezi. Agogo angalowe m'kaundula cifukwa ca imvi zao. Mayi wa zaka 40, wa manja olimba, amene m'nyumba mwake mwalowa pakamwa patatu tsiku la maliro, amauzidwa kuti akalime. Munda wake sunakule tsiku limenelo.

Pa misonkhano akuluakulu amakonda kutikumbutsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikudziwa, bambo. Malume ndi mbumba yake ankalera ana amasiye kuno makhoti asanabwere. Mwambiwo asamaugwiritse ngati cishango cobisalira.

Ena akuti anthu adzatola ana pofuna ndalama. Ndani angasenze mwana zaka khumi cifukwa ca 540, ndalama yothera pa sopo, mcere ndi makope? Nanga woweruza uja sanafufuze kale banjalo?

Zotsatira zake tikuziona. Anthu sapita kukhoti. Mwana amakhala wopanda womuyimira pa lamulo, katundu wa makolo ake amalandidwa, mwina amaolokera ku Zambia kukaweta ng'ombe za eni.

Ndikupempha cinthu cimodzi. Tsiku lomwe woweruza wasaina tutela, dzina la mwanayo litumizidwe ku INAS, ndipo thandizo lizimutsata kunyumba kumene akugona, kaya womulera ali ndi imvi kaya alibe.