AMENE DOTOLO WAMPULUMUTSA, NDOWA YA MADZI ISAMUPHE



Pali nkhani imodzi imene imanong'onedwa kumtondo ndi kucitsime, koma pabwalo siimveka. Nkhani yake ndi ya amai amene amapita kucipatala nakacotsedwa ciberekero. Ife tati lero tiichule poyera, pakuti manyazi athu abvulaza amai ambiri amene dotolo anawathandiza bwino lomwe. Mau athu ndi awa: nchito ya dotolo imatha m'maora ocepa, koma nchito ya mudzi imatenga masabata 6 kapena 8, ndipo mudzi ukalephera mbali yake, dotolo wabvutika pacabe.

AMACOTSERANJI?

Dotolo sacotsa ciberekero mwa masewera iai. Amacotsa pamene zotupa zamera m'menemo nizikula, mai nataya magazi mwezi ndi mwezi kufikira m'manja ndi m'maso mwayera. Amacotsa pamene khansa ya khomo la ciberekero yapezeka isanafalikire, kapena pamene ciberekero catsika nicitulukira kunja. Amacotsanso pamene cang'ambika pobereka, kapena magazi akana kuleka mwana atabadwa. Apa pomarizapa palibe nthawi yoitana ankhoswe, pakuti kucedwa ndi maliro.

Khansa tachulayi ndiyo imapha amai ambiri koposa khansa ina iriyonse m'Malawi muno. Ndico cifukwa cake mu 2019 Boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, ndipo amai amaitanidwa kuti akapimitse khomo la ciberekero asanamve kupweteka. Tsono mai akamva kuti opareshoni ingathe kumciritsa, ameneyo ndi wamwai, cifukwa ena amafika mocedwa, dotolo alibenso pogwira.

MABODZA A M'MUDZI

Tamva anthu akuti mai wotere sali mkazinso, ena akuti m'mimba mwake mwatsala dzenje. Kodi amene amanena zimenezi anaciona ciberekero? Ca mai wosakhala ndi pakati ndi cacing'ono, sicifika ndi nkhonya yomwe. Cikacoka, matumbo amadzaza malo ake, ndipo dotolo amasoka bwino m'kati. Zosintha ndi ziwiri: maiyo sapitanso kumwezi, ndipo satenganso pakati. Timatumba ta mazira tikasiyidwa, thupi lipitirira monga kale. Tikacotsedwa pamodzi, maiyo angamve kutentha thupi ndi thukuta la usiku monga amamvera amai osiya kusamba, ndipo ayenera kuuza dotolo. Koma akali mkazi, akali mai wa ana ake, ndipo akacira za m'banja zimatheka monga kale.

ASANAPITE

Ngati si za mwadzidzidzi, dotolo amapereka tsiku. Masiku otsalawo si okhala ndi dzanja kutsaya, ndi okonzekera.

Coyamba ndi magazi. Mai amene wakhala akutaya magazi amafika ali wofooka, cotero amwe mankhwala oonjezera magazi monga anamuuzira, ndipo adye nyemba, nandolo, usipa, mazira, ciwindi, bonongwe ndi cisoso. Nkhuku imene tinasungira alendo, mlendo wake ndi ameneyu. Ndipo inu anyamata amphamvu, musathawe pomva za kupereka magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linayamba mu 2003, silifula magazi ngati uci m'phanga. Limalandira kwa anthu onga ife. Amene amatenga kwa munthu mmodzi sakwana ndi theka la lita lomwe, ndipo thupi limabwezera.

Caciwiri ndi coonadi. Maiyo auze dotolo mankhwala onse amene akumwa: ma ARV, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ngakhale a zitsamba. Kubisa ndi kudzipha. Wosuta kapena wofwenkha fodya aleke. Afunsenso asanasaine pepala: kodi mucotsa ciberekero cokha, kapena ndi khomo lake, kapena ndi timatumba ta mazira? Thupi ndi lake, ayenera kudziwa. Akamuuza kuti asadye kanthu opareshoni isanacitike, pasapezeke mlongo wacifundo wompatsa phala mobisa, pakuti cakudya cingabwerere nicilowa m'mapapo iye ali m'tulo ta mankhwala.

Cacitatu ndi pakhomo. Nkhuni zisonkhanitsidwe, cimanga cipite kucigayo, sopo agulidwe, ndalama ya ulendo wobwereza isungidwe. Banja lisankhe gadiyani wamphamvu ndi womva zinthu, makamaka ngati atumizidwa kutali monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Wina atsale ndi ana. Ndipo pasakhale wonena kuti, "Dikirani tiyambe takolola." Cimanga cidzamera caka ca mawa, koma khansa siidikira nkhokwe.

AKABWERA

Apa ndi pamene ife timalakwa. Mai wong'ambidwa pamimba amatuluka m'cipatala patapita masiku ocepa, mwina 3 kapena 5. Masiku oyamba anthu amadza kudzamzonda. Pakatha masiku 10 ulusi wacotsedwa, khungu lagwirana, maiyo akuyenda pabwalo, ndipo aliyense akuti wacira. Apongozi ayamba kuyang'ana mtsuko wouma, bambo ayamba kufunsa za kumunda. Maiyo, poopa dzina la ulesi, asenza ndowa.

Tamverani abale. Cilonda cimene mucionaco ndi comariza kusokedwa ndi coyamba kupola. Pansi pake pali minofu ya pamimba imene inasokedwanso, ndipo pansi penipeni pali malo amene panali ciberekero. Zam'katizi zimagwirana pang'onopang'ono. Lita limodzi la madzi limalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Pokweza katundu wotere kufika pamutu, mphamvu yonse imatsamira pamimba pomwepo. Cilonda cingatseguke, magazi angayambenso, kapena patsogolo pake matumbo angatumphukire pansi pa cipsera, nipafunika opareshoni ina.

Cifukwa cace tikuti: kwa masabata 6, kapena kufikira dotolo atabvomera, maiyo asatunge madzi, asasenze nkhuni, asasinje, asagwire khasu, asazire nyumba, asacape zolemera, asabereke mwana kumbuyo, ndipo asabvundule nsima ya mphika waukuru. M'masabata oyamba asanyamule cinthu colemera kuposa ketulo.

Komatu sitikuti angogona pamphasa ngati mtolo. Kugona kosadzuka kumaundanitsa magazi m'miyendo, ndipo zimenezo zimapha. Ayende pang'ono tsiku ndi tsiku, lero kufika pakhonde, mawa pankhokwe, mkuja kwa anansi, akatopa apume. Podzuka ayambe watembenukira cammbali nadzikankha ndi mkono. Pokhosomola agwirize nsaru yopinda pamimba.

Cilonda cikhale coyera ndi couma. Wocigwira ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Pasaikidwe phulusa, zitsamba kapena mafuta, ndipo asamange citenje cothina pamenepo. Asambe panyumba ndi madzi oyera, osati kumtsinje. Kuti asadzimbidwe ndi kudzikakamiza kucimbudzi, amwe madzi ambiri, adye mapapaya, masamba ndi nsima ya mgaiwa. Agone m'neti, pakuti malungo sacita cisoni ndi wodwala. Timagazi tocepa kapena timadzi tofiirira tingaoneke kwa masabata angapo, zimenezo zisamuopse.

ZOTHAMANGIRA NAZO KUCIPATALA

Mlembi aliyense awerenge mau awa pa msonkhano kawiri. Musadikire kuce, musayambe kwa sing'anga, mukaona izi: thupi latentha kapena akunjenjemera, cilonda cafiira, catupa, catseguka kapena cikutuluka mafinya, magazi acuruka kapena akutuluka a mibulu, kumaliseche kukutuluka zonunkha, m'mimba mukupweteka moonjezereka kapena akusanza kosaleka, mkodzo wakana, ukuotcha, kapena ukungodontha wokha, mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, akubanika kapena m'cifuwa mukubaya. Ndipo tsiku limene anamuuza kuti abwerere, apite ngakhale akumva bwino, pakuti pamenepo ndi pamene amamva zimene anapeza popima cimene anacotsaco.

MAU KWA ABAMBO

Abambo, tilankhulane ngati amuna. Dotolo akati masabata 6 osakhala malo amodzi, sananene mwa cipongwe. Msoko wa m'kati ungang'ambike, ndipo matenda angalowe. Kodi munthu amene anakuberekerani ana, nakuphikirani zaka zonsezi, simungamdikire masiku 42? Ndipo amene amathamangira kunja nthawi imeneyi adziwe kuti kucotsa ciberekero sikuchinjiriza mkazi wake ku HIV kapena matenda ena amene iye angabwere nao.

Taonanso amuna osiya mkazi cifukwa sadzaberekanso, acibale akuombera m'manja. Ife tikuti zimenezi ndi nkhanza. Mai amene wacotsedwa ciberekero akali mtsikana, kapena mwana wake atafa pobadwa, ali kale ndi maliro mumtima. Akamalira musamdzudzule, khalani naye. Cisonico cikakana kutha, mperekezeni akalankhule ndi anamwino. Mwamuna wogwira ndowa napita kumjigo anthu akuona sanadyetsedwe mankhwala iai. Ameneyo ndiye mwamuna.

TICITENJI TSONO?

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi, makamaka nthawi yopalira ndi kubandira, silingathe lokha. Makolo athu anali ndi dima, ndipo munda wa wodwala sunali kugonera. Ife tikupempha nthambi iriyonse kuti ipangane zinthu zinai. Mai akalandira tsiku lake, ndipo iye mwini akalola kuti zidziwike, mlembi alembe maina a otunga madzi ndi otola nkhuni, nyumba ndi nyumba, kufikira masabata 6 atakwana. Anyamata apatule tsiku limodzi pa sabata lolima m'munda mwake. Msungicuma asunge kandalama ka ulendo wa usiku, ndipo adziwike mwini ngolo kapena galimoto amene tingamdzutse. Comariza, amene amveka akuseka mai wotere kapena kumchula maina, akuru amuitane namlangize.

Zimenezi sizifuna cilolezo ca munthu, ndiponso sizidikira thandizo locokera kutali. Zifuna mikono yathu yokha. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe: lero ndi mkazi wa mnansi, mawa ndi mlongo wako kapena mwana wako. Tiyeni tisenze ndowa yake masabata 6, kuti iye adzatisenzere zaka zambiri.