Kukaphunzira Unamwino ku Cuba: Za Chilankhulo ndi Chilolezo

Wachinyamata wa ku Mulanje wofuna kukaphunzira unamwino ku dziko lolankhula Chisipanishi monga Cuba, lomwe mu 1999 linatsegula ku Havana sukulu ya ELAM yophunzitsa udokotala achinyamata a maiko osauka, ayenera kuyamba wadziwa chilankhulocho asanayandikire bedi la wodwala, chifukwa namwino amagwira ntchito ndi makutu kuposa ndi manja, ndipo wodwala akamabuula samasankha mawu osavuta. Amene anakulira ku Muloza, kufupi ndi Milange ku Mozambique, ali ndi poyambira, popeza Chipwitikizi chomwe amachimva pamsika chili pachibale ndi Chisipanishi, ngakhale mayina a mankhwala ndi a ziwalo za thupi amafunikabe kuwaphunzira mwakhama.

Pobwerera, satifiketi yakunja siimupatsa yokha mphamvu zogwira ntchito, mpaka atalembetsedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, lomwenso limavomereza omaliza maphunziro pasukulu ya anamwino ya Mulanje Mission. Akafika m'wadi, adzakumana ndi malungo, amayi oyembekezera ochokera m'minda ya tiyi, ndi agogo amene amafotokoza ululu wawo m'Chilomwe.