Brexit: akufuna manja athu, osati ana athu

Asisi, mu 2016 anthu a ku Britain anavota kuti atuluke mu European Union, ambiri pofuna kuchepetsa alendo. Atatuluka mu 2020, osamalira okalamba anayamba kusowa. Mu 2022 boma linatsegula ma viza, ndipo atsikana a ku Zimbabwe, Nigeria ndi kwathu kuno anapita, ena atakongola ndalama za ma ejenti.

Mu Malichi 2024 lamulo linasintha: bwera udzagwire ntchito, koma ana uwasiye. Mu Julaye 2025 khomolo analitsekeratu.

Andale amakangana pa TV, wolipira ndi mayi. Ndiye wina akakulonjezani viza yosamalira okalamba lero, musapereke ngakhale kwacha imodzi. Uzaninso anzanu.